Pensulo Yako, Domokos

Unandisiyira Baibulo lako, Domokos,
ndi kapensulo kotafunidwa kumchira,
ndi mkangano wa zaka makumi anayi ndi ziwiri
umene sitinaumalize.

Usiku uno chipale chofewa chakwirira Torockó.
Ndasonkha moto m'chitofu,
ndavala magalasi ako poti anga sindikuwaona,
ndipo ndikulondola mizere yako tsamba ndi tsamba
ngati mapazi a munthu amene wangodutsa kumene.

Pakhomo pa tchalitchi chanu analembapo
mawu atatu okha: Mulungu ndi mmodzi.
Ine ndinkawawerenga ndi zala n'kukuseka:
ona, ngakhale mmodzi wanuyo
wafuna mawu atatu kuti aimirire.
Iwe osaseka.
Unkangosisita ndevu.

Ndinakwatiwa kuno ndi kolona m'thumba.
Tsiku loyamba patebulo, nditagunda chipumi,
chifuwa, phewa ili ndi ilo,
amayi ako anafunsa ngati m'nyumba mwalowa ntchentche.

"Undisonyeze," unkatero, chala chili go go go pathabwa,
"liwu lakuti Utatu, paliponse,
kuyambira chikuto ichi kufika icho."
Ndinalifunafuna nyengo yozizira yathunthu.
Mulibe.
Ndinakuuza kuti mulibe, ine sindine wabodza.
Koma ndinakukokera kumtsinje kuja:
wina ali m'madzi mpaka m'chiuno,
wina akulankhula kuseri kwa mitambo,
wina akutsika ndi mapiko.
Werenga wekha, ndinatero.
"Ndawerenga," unayankha,
"koma wam'madziyo mawa adzagwada m'munda usiku,
thukuta lili chuchuchu.
Alipo amene amadzidandaulira yekha kuti chonde ndileke?"
Supu ya kabichi inachita kuundana mafuta,
ndipo Emőke anagona pampando osadya.

Pa mboni zitatu zakumwamba zija unandigwetsa.
Unazinga vesilo ndi bwalo lakuda,
n'kulemba pambali: za mlembi wina, zam'mbuyo.
Ndinapita nazo kwa Bambo Ambrus, mtima uli m'mwamba.
Anatsokomola, anayang'ana pawindo,
nati mipukutu yakale kwambiri ilibedi mawuwo.
Ndinabwerera wapansi, makilomita asanu ndi awiri,
ndipo sabata yonse mkate wako ndinkaupsereza dala.

Tinakolola mapulamu, tinakangana.
Tinaika amayi ako m'manda, tinakangana pobwerera.
Unkati misonkhano ya mabishopu ndiyo inaluka chingwechi.
Ndinkati ulusi wake anautola m'masamba omwewa.
Lamulungu belu likalira, aliyense njira yake,
koma unkandidikirira pa mlatho
utandinyamulira ambulera.

Lero ndapeza chimene unandibisira.
Paja wophunzira wokayika uja akhudza mabala
n'kutchula dzina limene iwe unkati ndi la Atate okha,
sunalembe mzere, sunazinge bwalo.
Pali kachizindikiro ka funso, kang'onong'ono,
kofufutidwa kamodzi n'kulembedwanso.
Nkhalamba iwe!
Zaka zonsezi uli phee.

Kumanda, m'busa wanu anatchula Mmodzi yekha.
Ine ndinatchula Atatu pansi pa jasi,
chala chikuyenda mobisa pa mabatani.
Dothi linagwera pabokosi mofanana.

Kuno amati dzuwa limatuluka kawiri:
lisuzumira, phiri lilimeza, kenako litulukanso.
Ndinayesapo kukukola nazo zimenezi.
Unati, "Piroska, dzuwa si vesi."
Unkanena zoona. Si vesi.

Tsopano iwe ukudziwa, kapena ukugona chabe,
ndipo sungandiuze kuti wapeza angati.
Ine ndanyambita nsonga ya pensulo yako.
Ndatsegula paja Mwana avomera
kuti tsiku lomaliza salidziwa, adziwa ndi Atate,
pomwe unakanda mizere itatu mpaka pepala kuboola.
Pambali pake, ndi dzanja lonjenjemerali,
ndaikapo kafunso kanga.

Moto wazilala.
Mawa tidzapitiriza.