Botolo la a Gervaziyo

A Gervaziyo akufuna chithunzi cha botolo
limene silinafike.
Mabotolo awo akadali padoko ku Beira,
madzi a malambe akudikira m'zigubu ku Chingodzi,
koma chikwangwani chiyenera kukwera Lolemba
pafupi ndi mlatho.
Ndiye ndikuumba botolo m'kompyuta
m'kachipinda kanga ka ku Matundo
momwe malata amayamba kuphika munthu tambala atangotsika.

Loyamba linatuluka lakuda ngati phula.
Ndinaumira: kuwala ndinakulola kudumpha kanayi kokha,
kunatopera m'kati, n'kufera momwemo.
Lachiwiri linali thovu la sopo.
Ndinaiwala kuti galasi lili ndi mnofu,
khungu kunja, khungu m'kati,
ndipo kuwala kukalowamo kumathyoka
monga nkhafi imathyokera m'madzi a Zambezi
koma ukaivuula ili yamphumphu.
Galasi nambala yake ndi 1.5, madzi 1.33.
Ndaziloweza ngati nambala za foni za anthu amene ndili nawo ngongole.

Chivindikiro ndiye chinandisowetsa tulo.
Ndinachiuza kuti iwe ndiwe chitsulo,
chinangoti bii.
Ndinakadandaula kwa a Kaphwiti owotcherera mageti kuseri kwathu.
Anakankhira chigoba chawo pachipumi, n'kupukuta thukuta:
"Chitsulo chopukutidwa chilibe nkhope yakeyake, mphwanga.
Chimabwereka kwa oyandikana nacho.
Wachiika pati?"

Ndinali nditachiika pamalo opanda kanthu.
Popanda thambo, popanda khoma, popanda ngakhale nkhuku yodutsa.

Kutacha ndinaba kampira konyezimira
kamene Olinda amapachika pamtengo wa Khirisimasi,
ndinakazika pandodo pakati pa bwalo, n'kukajambula.
Matundo yense analowamo:
mtengo wa masau, waya wa zovala,
lole yopita ku Zobwe itapindika ngati bongololo,
ndi ine, mphuno ngati mbatata, foni kumaso.
Dziko limenelo ndinalikulunga mozungulira botolo.
Chivindikiro chinaphenya.

Olinda anasuzumira, mswachi uli m'kamwa.
"Lakongola," anatero, "koma palibe analigwirapo."
N'kupita kukalavula.

Zinandiwawa mpaka masana.
Kenaka ndinadinda chala pazenera, n'kujambula mafuta ake,
n'kuwamata pakhosi pa botolo.
Ndinakanda chivindikiro timizere tosaoneka bwino,
ndinawaza kafumbi kamene sikatha m'tauni muno,
kamene amayi amati n'ka malasha a ku Moatize,
ndinapachika mame m'mbali
ndipo dontho limodzi ndinalilola kutsetsereka, kusiya kanjira.
Tsiku lonse kuwononga chinthu
chimene ndinatha masiku atatu ndikusalaza.

Usiku kompyuta ili panjerwa ziwiri kuti ipume,
ikulira ngati njinga yamoto pachitunda.
Akuti kuwala kwa m'menemu kumayenda chafutambuyo:
kumachoka m'diso, kugunda galasi, kugunda chitsulo,
kufunsa njira mpaka kukapeza dzuwa.
Chithunzi chimayamba ngati mchenga,
mchenga n'kusanduka ufa,
apa ndi apo timadontho toyera ngati ziphaniphani
timene ndikuyenera kupha kamodzikamodzi.
Mita ya magetsi ikuphethira, kwatsala mayunitsi atatu.
Ndazimitsa fani yanga kuti botolo lithe.

Cha m'ma folo koloko, patebulo lopekalo,
kunsi kwa botolo kunagwa kadziwe ka kuwala
kamene sindinajambule ine.
Ndinakhudza sikirini ndi kumbuyo kwa chala
kuti ndimve ngati ikuzizira.

A Gervaziyo anabwera Loweruka.
Anayang'ana, n'kumeza malovu.
Anati ndikulitse pachivindikiro. Ndikulitsenso.
"Kabudula wofiira wayanikidwa apayu ndi wa yani?"
Ndinati wa a Kaphwiti.
"Mufufute."

Ndinafufuta kabudula.
Mtengo wa masau ndinausiya,
ndipo pansi pake, kochepa ngati njere ya chitowe,
kali kamunthu kamene a Gervaziyo sanakaone,
kamene Lolemba kayamba kuyang'ana magalimoto pamlatho.