Bedi Lobowola Pakati

Kuno ku Chandpur mabedi a kolera ndi obowola pakati,
pansi pa bowo ndowa, pa ndowa mizere ya malita.
Shiuli wanga wagona pa lachisanu ndi chiwiri kuchokera kukhomo.
Ine Tofazzal, wokonza mijigo ya anthu
kuyambira kudoko la Meghna mpaka kumsika wa nsomba,
ndakhala manja lende, sipanala ili m'thumba.

Chotuluka mwa iye si chimbudzi ayi.
Ndi madzi otsukira mpunga, mbuu,
kafungo ka nsomba patalipatali.
Magazi palibe. Thupi silikutentha.
Ndinafunsa namwino Monowara: nanga chang'ambika n'chiyani?
Iye, akukoleka botolo lachitatu pamsomali, anati:
Palibe chang'ambika, bambo. Chitseko chakana kutsekeka.

Anajambula kuseri kwa lisiti
kanthu kopindika ngati chikhadabo chowenga, kamchira kamodzi.
Tinalowa tambirimbiri pa kapu imodzi,
sabata ija chigumula chinameza chitsime chathu.
Tochuluka tinapsa ndi asidi wa m'chifu.
Totsala tinapalasa mchira, kuboola ntchofu,
n'kukakamira khoma la matumbo aang'ono
ngati nkhono kunsi kwa bwato.
Sikaluma. Sikalowa m'magazi.
Kamangokhala pakhomo n'kumalavula poizoni.

Poizoniyo, anati, ali ndi zala zisanu ndi mbola imodzi.
Zala zimagwira selo, selo n'kumulowetsa poyesa mlendo.
Mbola imalunjika pa swichi yotsegula ngalande za mchere,
kuikanikiza, kuipinda kuti isabwererenso.
Mchere umakhuthukira m'matumbo,
ndipo madzi, bambo, sadziwa mwini wake:
kumene kwapita mchere nawo ndi komweko.

Apo ndinamva. Ndi ntchito yanga imeneyo.
Ndaonapo mpopi wakutha mpira
ukutaya usiku wonse, m'mawa thanki gwa,
ukaigogoda ikuyankha.
Koma thanki iyi ili ndi zaka zisanu ndi zinayi
ndipo dzana lomweli inkandiseka
kuti imvi zandimera mbali imodzi ya ndevu.

Madzi akuchoka m'magazi, m'masaya, kuseri kwa maso.
Zala zake zakwinyika ngati za wochapa tsiku lonse.
Ndikamutsina pamimba khungu limaima
kuiwala njira yobwerera.
Malita atatu chilowere dzuwa.
Ndawerenga mizereyo kawiri, mwina ndalakwa.

Ndinatulutsa sipanala osadziwa.
Monowara anaiona, sanaseke.
Swichi imeneyo sikonzedwa, anati.
Matumbo amataya maselo akale, m'masiku ochepa amera ena.
Ntchito yathu n'kuthira koposa chotayika
mpaka atsopanowo afike.

Kenako anawerama ngati wondiuza zam'seri:
Pali kakhomo kena kamene poizoni sakadziwa.
Kamatseguka shuga ndi mchere zikafika limodzi.
Shuga alowa, akoka mchere pamkono,
madzi opusa aja atsatira,
ulendo uno kubwerera kwawo.
Theka la lita, mchere wa zala zitatu, manyuchi a chikhatho chimodzi.
Supuni supuni. Akasanza, dikirani pang'ono, muyambirenso.

Ndiye ndi ineyo,
munthu amene ndakoka mapaipi a mamita makumi atatu,
ndikunjenjemera ndi supuni.
Mvula ikumenya malata. Pa bedi lachiwiri ayala nsalu kumaso,
sindiyang'anako.
Supuni ya zana limodzi ndi khumi. Wameza.
Wasanza. Ndadikira. Ndayambiranso.

Adhana ya m'bandakucha itamveka kutsidya kwa msewu
Shiuli anakodza, pang'ono chabe, madontho achikasu.
Monowara anawomba m'manja kamodzi, phwa,
n'kulemba pa khadi, n'kupita kwa wina.
Sindinadziwe kuti mkodzo ungakondweretse munthu chonchi.

Mwanayo anatsegula maso, akali okumbika,
n'kundifunsa ndi mawu a udzudzu
ngati ndinatola nkhwaira yake ina ija
inagwa pa rikisho tikuthamanga.

Sindinatole.
Ndinati, imwa kaye iyi.