Dengu Lopendekeka

Loweruka loyamba la Malichi
chipale chofewa chinali chikadali m'mbali mwa msewu,
chothimbirira ngati nsanza yopukutira injini.
Tinalipo asanu m'khola lakale la mahatchi
la Mayi Genowefa, kutsidya kwa mtsinje wa San,
aliyense mpeni m'manja, thabwa pamiyendo,
mpweya ukufuka m'kamwa.

Nthambi za msondodzi zinagona m'chomwera mahatchi sabata yathunthu.
Mayiwo anapisa mkono m'madzi ozizirawo, osatsinzina,
nasolola imodzi, naikulunga padzanja.
Sinathyoke.
“Yakhuta,” anatero. “Tiyambe.”

Ine zaka makumi atatu ndinagulitsa matikiti a sitima.
Zala zanga zimadziwa pepala ndi chenji basi.
Zitatu pansi, zitatu pamwamba, boola pakati, pisa:
ndinaboola chala changa.
Wiesława, namwino wongoweruka kumene ntchito ya usiku,
anandimanga bandeji maso ali pa dengu lake.
Kamnyamata ka Ignacy kanaseka mpaka kutsamwa.

Cha m'ma leveni denga linayamba kudontha.
Tho.
Tho.
Kenaka tho-tho-tho m'ndowa.
Palibe anayankhulapo,
koma ndinaona Wiesława akumasula batani la pakhosi.

Loweruka lachiwiri, matope.
Dzuwa, matalala, dzuwanso, kamphepo kolasa m'makutu,
zonse tiyi asanazizire m'kapu.
Mtsinje unatupa, ukusenza zibenthu za madzi oundana
zikugundana ngati mbale m'beseni.
M'ngalande msondodzi unatulutsa timaluwa taubweya,
totuwa, tofewa ngati mapazi a mwana wa mphaka.

“Bambo Ludomir, mukukoka ngati muli nawo mlandu.
Upempheni. Ukakana, udikireni.”
Ndinapempha. Unakana.
Dengu langa linayamba kupendekera kumanzere
ngati munthu wochokera ku ukwati.
Nthambi zoviika zitandithera
ndinazemba, ndikadula zaziwisi kungalande kuja.
Anandiona. Anangoti,
“Yaiwisi ikauma imafota. Lidzagwedera limenelo.”

Madzulo anzanga ananyamula awo m'khwapa.
Langa ndinalisiya kuseri kwa khola,
ndinalipondereza m'matope kuti mphepo isalionetse kwa anthu.

Kenaka chimfine.
Masabata atatu ndili pawindo ndi bulangeti,
kuwerenga madontho a pa waya wa magetsi,
kumvetsera mbalame yakuda ya mlomo wachikasu
ikuyeserera nyimbo mdima usanachoke,
ikulakwitsa, ikuyambiranso.

Nditabwerera, dokowe anali atafika.
Anaima pachisa chake pamwamba pa mzati,
wowonda, nthenga zafumbi la ulendo,
akusokera kamtengo apa, kukachotsa, kukasokera apo.
Nayenso chake nchopendekeka.
Chakhala pamenepo zaka khumi ndi ziwiri, akutero Mayi Genowefa.

Sanandipatse mpeni tsiku limenelo.
Anandigwira malaya, nanditengera kuseri.

Dengu lili pomwe ndinalisiya,
koma m'mlomo mwake, pomwe ndinapinda moipa,
timasamba tobiriwira, tosongoka ngati makutu a mbewa,
khumi ndi tinayi. Ignacy anali atawerenga kale.
Ndinalikoka pang'ono.
Nthaka inakoka nayo.

“Lamera mizu,” anatero.
“Zaka zonsezi ndaphunzitsa anthu kuluka zakufa.
Musalizule.”

Ndinagwada, mawondo m'matope, mphuno ikuchucha.
Njuchi imodzi, yoyamba chaka chino,
inalowa m'dengumo, inazungulira, sinapezemo kanthu,
inatulukira pabowo lomwe ndinalephera kutseka.

Tsopano ndili nalo lina kunyumba,
lowongoka bwino, la chogwirira cholimba.
Ndimasungamo anyezi.
Alendo amaliyamikira, ine ndimangoti zikomo.
Koma Loweruka likafika ndimapopa njinga,
ndimawoloka mlatho, madzi atabwerera m'malo mwake,
kukaona lija.
Dzulo linandifika m'bondo.
Likupendekerabe kumanzere,
komwe dzuwa limatulukira kuseri kwa khola.