Kope la pa Dziwe

Geti ndimatsegula isanakwane seveni,
ndi tiyi yemwe ndisanamwe.
Choyamba kuona si madzi ayi, ndi kope,
lachikuto chofiira, lotupa ndi chinyezi,
momwe dziwe lonseli limagona m'mizere iwiri:
zolowa kumanzere, zotuluka kumanja,
ndipo kumanjako ndi komwe bolopeni imathera.

Anthu amati madzi ndi a Mulungu.
Eya. Koma bilu imabwera m'dzina langa.
Kolorini wakwera kawiri chaka chino,
chigubu chake chimachoka ku Lilongwe pa minibasi
n'kulipira mpando ngati munthu.
Pampu imatsokomola ngati wosuta chingambwe.
A Jelasi akaigwira imachira masiku atatu,
lachinayi magetsi thii,
madzi n'kuyamba kubiriwira
ngati akufuna kumera ndiwo.

Mu Okutobala, dzuwa likakhala pa phiri la Kasungu
osafuna kutsika,
dziwe limadzaza mitu ngati maungu m'munda.
Ndalama zimabwera zonyowa, zochokera m'sokosi,
ndimaziyanika patebulo, mwala pamwamba.
Mu Juni kuli zii.
Ndimavuula masamba, ndimathamangitsa achule,
ndimalipira mlonda kuti alondere mphepo.

Komiti inakhala Lachiwiri pansi pa mthethe.
A Kamphinda, apampando, anati tikweze:
wamkulu zikwi ziwiri, mwana chikwi chimodzi.
Mayi Nasiwelo anati ayi, tidule nthawi,
tizitseka folo, pampu ipume, nafenso tipume.
Ine ndinangoyang'ana kumpanda wa waya
komwe tizala timakolekeka madzulo alionse.
Folo ndi pamene ana amatula ndowa zakunyumba.
Folo ndi pamene amafika.

Pali mmodzi, Tsilizani,
wogulitsa mazira owiritsa kudepoti.
Tsiku lina anaika patebulo langa mazira awiri
ndi kamchere kokulunga m'pepala.
Sanayankhule. Anangoloza madzi ndi chibwano.
Ndinatsegula kope, ndinafufuza tsamba ndi tsamba,
mzere wa mazira mulibe.
Ndinapisa m'chikwama changa, ndinalemba: mwana mmodzi, walipira.
Mazirawo ndinadya masana,
limodzi linali losapsa bwino.

Ndiye pa komiti paja ndinaimika mkono.
Ndinati a ukwati amene amadzajambulitsa pano Loweruka,
velo likukwekwereza m'mbali mwa madzi osalowamo,
azilipira ngati asambira onse ndi akuchimuna omwe.
Ndinati alimi akagulitsa fodya, matumba akadali otentha,
tiziwagulitsa khadi la chaka chonse.
Ndinati Lachitatu, kuyambira folo mpaka faifi,
mwana wobwera ndi tsache asambire ndi thukuta lake.
A Kamphinda anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali.
Anati masamu anga ali ndi mtima wambiri.
Ndinati masamu awo ali ndi mpanda.

Tinagawana pakati ngati chinangwa.
Wamkulu wakwera, mwana wakhala pomwepo,
Lolemba ndi Lachinayi tikutseka folo,
za Lachitatu akuti tiyese miyezi itatu
ndipo zikavuta mlandu ndi wanga.
Ndinasainira.

Lero ndi Lachitatu lachiwiri.
Matsache khumi ndi anayi atsamira mpanda,
simenti ikuwala ngati ya kuchipatala,
ndipo phokoso lafika mpaka kumsewu wa ku Mzuzu.
Kope likunena kuti tidakali ndi ngongole ya madzi,
kuti lamba wa pampu sadzaona Khirisimasi.
Kope silinama, ndimalidziwa.

Faifi yakwana. Wezulo ili pakamwa panga.
Tsilizani wayandama chagada pakati penipeni,
maso kumwamba, ngati wagona pa matiresi a hotela.
Ndimupatsa mphindi zisanu zomwe sindilemba paliponse.

Zaka zisanu ndi zinayi ndikusunga dziwe ili.
Ndikudziwa mtengo wa dontho lililonse.
Kusambira kokha ndiye sindidziwa.
Onse akapita ndimavula nsapato,
n'kuviika mapazi kumbali yosaya,
ndipo palibe amene amandifunsa tikiti.