Penti Wachitatu

Bambo Halvorsen anafika Loweruka kuchokera ku Arizona
ndi tochi, maginito ndi kabuku kopindika m'makona.
Za maliro sanafunse.
Analunjika ku garaja, nakwawira pansi pa Chevelle ya bambo anga
ngati munthu wofunafuna ndolo yotayika.

Kuno ku Youngstown mchere wa pamsewu
umadya galimoto kuyambira kumapazi,
koma iyi sinalawepo chipale chofewa.
Novembala akangolowa, bambo ankaifunditsa bulangete
n'kumakaizonda usiku ngati wodwala.

Mlendo uja anatsegula boneti,
nawerenga kachitsulo kokhomedwa ku fakitale,
chala chikuyenda pa nambala iliyonse.
Kenaka anadzuka, nkhope ili gwa.
“Mayi, galimotoyi sinabadwe yabuluu.
Inabadwa yofiira, mizere iwiri yakuda pamsana.
Injini ndi yake, magiya anayi ndi ake,
ngakhale wailesi ndi yake.
Koma penti uyu wadya mtengo wake.”

Ankayesa akundiuza zachilendo.

Yofiirayo inali ya Lonnie Tackett,
mnyamata amene anaiyendetsa chilimwe chimodzi chokha
kalata ya usilikali isanam'peze.
Mayi ake anaigulitsa, chisa cha tsitsi chikadali pampando.
Wachiwiri anali wometa anthu wa ku Struthers.
Iye anaida bii ndi penti wotchipa
kuti usiku wa mpikisano apolisi aziona mdima wokha.

Bambo anga anaigula chaka chimene ng'anjo za zitsulo zinazima,
ndi ndalama zomaliza za pa ntchito.
Mayi anakhala mwezi wathunthu osawayankhula.
Mbale ankaika patebulo mwamphamvu, basi.
Tsiku lina bambo anaima pakhomo la khitchini,
chipewa kumanja, nati:
“Lorene, mtundu usankhe ndiwe.”
Mayi sanayankhe.
Anakwera m'chipinda, natsika ndi diresi
imene anavala tsiku limene anakumana ku dansi,
naiyala pa boneti, nabwerera ku mbale zawo.

Usiku utatu bambo anasakaniza penti m'zitini za khofi,
dontho loyera, dontho lotuwa,
kupaka pa chivindikiro, kuyerekeza ndi nsalu pansi pa babu.
Ine ndinali wogwira tochi, zaka zisanu ndi ziwiri,
fungo la penti likundizunguza mutu.
Buluu ameneyo mulibe m'kabuku kanu, bambo Halvorsen.
Alibe nambala. Alibe dzina.

Anatulutsa cheke.
Anati mlungu umodzi wokha aipala mpaka chitsulo,
ibwerere psuu monga inatulukira pa geti la fakitale,
ikaime pa kapinga wa chionetsero,
anthu a zipewa zoyera akuizungulira ndi mapepala.

Ndinayang'ana pa mphuthu ya chitseko
pamene lamba wa bambo anakhula zaka makumi anayi.
Pamenepo mitundu yonse itatu imaoneka,
buluu, wakuda, ndi kofiira pansi penipeni
ngati bala limene silinapole bwino.
Mwini wake ndani?
Amene anaisankha m'sitolo, kapena amene anaifunditsa?

Koma patebulo la kukhitchini pali makalata a kuchipatala,
ndipo denga likudontha pamwamba pa masitepe.
Galimoto sidyedwa.

Ndinasaina.
Ndinati, “Chinthu chimodzi chokha.
M'kati mwa buti musakhudzemo.”
Anakanda m'mutu.
“Oweruza akatsegula adzandichotsera mapointi.”
“Achotse,” ndinatero.

Anaikweza pa ngolo yake chakumadzulo.
Injini inabangula kamodzi, mawindo a aneba nanjenjemera,
Mayi Dombrowski anatuluka ndi ndodo yawo kudzaona.
Pamene inakhota pa ngodya ya tchalitchi
dzuwa linaigunda m'nthiti,
ndipo kwa kamphindi ndinaona mayi anga akutembenuka m'dansi.

Pansi pa garaja patsala banga la oyilo
ndi bulangete lija.
Zitini za khofi zikadali pa shelefu.
Chimodzi ndachigwedeza. M'kati mukumveka kanthu.