Chala cha Amayi pa Njerwa

Ndabwera kudzatenga satifiketi
patatha zaka khumi ndi zinayi.
Nkhungu yochokera ku Kaning'ina yandiperekeza mpaka pageti,
yaima pomwepo, ngati nayo sidamalize fizi.

Mlonda ndi wina. Belu ndi lomwe lija,
chitsulo cha gudumu la lole
cholendewera pamtengo wa paini.
Waya wake walowa m'khungwa, mtengo wammeza.

Pano padali munda wa chinangwa wa a Chavula.
Sukulu idayamba yobwereka:
ana a pulayimale akaweruka masana
akuluakulu ankalowa, mawondo kugunda madesiki.
Kenako komiti idagamula: khomo lililonse njerwa mazana asanu.
Amayi adaumba zawo kudambo la Lunyangwa
ine ndili kumsana, ndikutafuna mfundo ya chitenje.
Boma lidadza pambuyo ndi malata
komanso chikwangwani.

Tinkayenda kuchokera ku Mchengautuwa kusanache,
nsapato m'jumbo, matope ofiira mpaka m'akakolo,
n'kukasamba mapazi pampopi wa kuseri kwa ofesi.
Desiki limodzi anthu atatu.
Wapakati ankafunda, wam'mphepete ankalemba chigongono chili m'malere.

A Luhanga adatijambulira maikulosikopu ndi choko.
Adati, "Yang'anani apa, muona timaselo."
Tidayang'ana.
Fiskani adati waona, kalasi yonse idafa nacho chiseko,
ndipo adakumba dzenje la zinyalala mpaka Lachisanu.
Lero amayeza magazi kuchipatala chachikulu.
Mwina adaonadi.

Tinkaseka m'Chitumbuka, kulangidwa m'Chizungu,
Chichewa n'kumachiloweza usiku pakoloboyi,
mikuluwiko, zining'a, zonse zobwera pamayeso.
Masida ankagulitsa zitumbuwa pansi pa desiki,
ngongole akulemba kumapeto kwa kope la masamu.
Dzina langa lidatsalamo. Makwacha makumi atatu.
Adasiya sukulu teremu yachiwiri ya Fomu Filii,
palibe mphunzitsi adafunsa mokweza.

Chaka chomwecho mphepo idasasula denga.
Malata tidakawatola ku Zolozolo, ena ali kale pabafa la munthu.
Miyezi iwiri tidaphunzira tikuona mitambo,
mvula ikayamba, phunziro latha,
ndipo ena tinkaipempherera.

A kuboding'i ankatitcha otsalira pa sefa.
Tidawachinya ziwiri pabwalo lathu lotsetsereka
lomwe mpira unkadziwa wokha kolowera.
Ahedi, a Nyasulu, adavula jekete
n'kuthamanga nalo m'mwamba ngati mbendera.
Mawa lake adatikwapula chifukwa chochedwa.

Kalaliki wafufuza m'kabati, fumbi lamuyetsemulitsa.
"Gomezgani Msowoya?"
Chiswe chadya ngodya imodzi, chasiya magiredi.
Ndikadakonda chidadya samu.
Wandisainitsa m'buku lomwe lili ndi mayina
a anthu ambiri osabwera:
ena ali ku Joni, ena pa kabaza kudepoti,
awiri ali kumanda.

Sindinatulukire pageti.
Ndazungulira kuseri kwa buloko yakale,
komwe pulasitala sadafikeko.
Mzere wachinayi kuchokera pansi, pafupi ndi zenera losweka,
pali njerwa ya kadzenje.
Amayi adandionetsa tsiku londilembetsa:
"Ichi n'chala changa. Ukamajomba, chikuona."
Sindikudziwa ngati adanena zoona.
Njerwa zidali zikwi, zala zidali zambiri.

Ndaikamo changa. Sichikukwana.

Belu lalira, mtengo wonse wanjenjemera.
Mtsikana wochedwa wadutsa pampanda wobooka,
jumbo ya nsapato m'manja,
wandiona, wagwada msanga, akuyesa ndine mphunzitsi watsopano.
Ndati, "Thamanga, sindinakuone."
Wathamanga.
Mapazi ake asiya matope ofiira pakhonde
lomwe ena akolope pa bureki.