Kuseri kwa Khoma

Magetsi anathawa ili folo koloko,
fani ya m'chipinda chachitatu n'kuyima njii,
ndipo Mayi Chikwanha, asanakakwere kombi ya ku Mufakose,
anatisiyira funso limodzi pa bolodi:
waya wa mamita makumi anayi,
khoma la sukulu mbali imodzi,
tchingani dimba la makona anayi lalikulu kuposa onse.
"Lolemba ndidzamve yankho," anatero,
"koma ndidzamvenso mmene munakanganirana."

Tinali anayi pa tebulo lotsimphina
lomwe mwendo wake tinauchirikiza ndi buku la jometiri.
Munyaradzi wa ku Highfield anati n'zachibwana izi,
sikweya basi, mbali zonse zofanana,
nayamba kulongedza zolembera.
Sikhanyiso anali atamira kale m'kalikulasi,
mutu pansi, chikhatho chikutchinga pepala,
chizolowezi cha mayeso
chomwe chimakana kuchoka ngati chipsera cha moto.
Ine, Lifa, mdzukulu wa telala wa ku Dedza
amene anatsikira ku Mbare ndi makina osokera pamutu,
ndinayesa manambala mmodzimmodzi:
asanu ndi makumi atatu, khumi ndi awiri ndi khumi ndi zisanu n'chimodzi,
akukwera, akutsikanso,
ngati njira ya pa Kopje.

Ruvarashe anavula chingwe cha nsapato yake
n'kumachipindapinda pa tebulo.
Palibe anamuyang'ana.

Tinakangana mpaka Chingerezi chinatha mpweya,
Chishona n'kulowapo,
ine ndikung'ung'udza m'Chichewa cha m'khosi.
Sikweya ya Munyaradzi inagwa chagada.
Pepala la Sikhanyiso linati khumi uku, makumi awiri uko,
mazana awiri ndendende, nkhani yatha.
"Yatha kwa iwe," anatero wogonjayo, maso ali psuu.
"Nanga mwana wa Fomu Thu ku Epworth,
wosadziwa kalikulasi yakoyo,
udzamuuza chiyani? Kuti angokhulupirira?
Kodi ndi tchalitchi?"

Chete.
Panja wogulitsa chimanga chootcha ankaitana anthu oweruka.

Ndi pamene Ruvarashe anapisa m'chikwama,
natulutsa kagalasi kodziyang'anira, kong'aluka pakona,
nakaimika pa mzere womwe tinautcha khoma.
Chingwe chija chinabereka mnzake.
"Suzumirani kuseri," anatero motsitsa.
"Waya wakhala makumi asanu ndi atatu.
Sikweya ya Munyaradzi ilipo, sinafe,
kungoti theka lake labisala m'khoma."

Tinawerama tonse, mitu n'kugundana.
Inalipodi. Makumi awiri mbali zonse,
theka pa thabwa, theka m'galasi.
Munyaradzi anaseka mpaka kutsokomola:
analakwa, komanso sanalakwe.
Sikhanyiso anachotsa chikhatho pa pepala lake,
nalikankhira pakati, koyamba chiyambire chaka.

"Bwanji osanena kale?" ndinafunsa ine wopusa.
Iye akubwezera chingwe m'mabowo a nsapato:
"Ndinayamba kawiri.
Kawiri konse unandidula ndiwe."

Mawu amenewo ndinayenda nawo wapansi
kuchokera ku Belvedere mpaka pa Copacabana,
ndikuponda maluwa a jakaranda oterera,
ngati kamwala kolowa m'sokosi.
Chaka chamawa adzandipatsa choko ndi ana makumi asanu,
ena atatu pa desiki imodzi.
Adzakhalapo wofulumira, wotchinga pepala,
wolongolola ngati ine.
Ndipo kumbuyo, pafupi ndi zenera losweka,
wina adzakhala akupinda kachingwe,
milomo ikuyamba kutseguka.

M'kombi ndinayesa kuphunzira kudikira.
Ndinatseka pakamwa, n'kuwerenga chamumtima,
modzi, wiri, tatu,
kuona ngati ndingafike khumi
ndisanayankhe funso lomwe sanandifunse.
Ndili pa chisanu n'chiwiri
kondakitala anasokoneza chenji cha mayi wina,
lilime langa n'kudumpha.
Ndinaliluma.
Kamtsikana ka yunifolomu yobiriwira, kali pa miyendo ya amake,
kanatukula zala zitatu,
n'kumuwongolera.